Mpingo Wanga Uli Chigonere

Anzanga amene tinadzozedwa tsiku limodzi
ali ndi maguwa, mabelu ndi makwaya.
Ine anandipatsa khonde lalitali
lonunkha sopo ndi sipiriti,
ndi mpingo wosaimirira ndikamalowa.

Ndimatsika njinga nkhungu isanachoke paphiri,
fumbi la ku Sadzi lili m'nsapato.
Pachipata amayi andanda kale,
mafulasiki a phala m'manja,
kudikira mlonda kuti ayang'ane wotchi yake.

Kaundula ndilibe.
Amene ndinamupatsa moni Lolemba,
Lachinayi pabedi pake pagona wina.
Sindifunsa msanga.
Ndimawerenga kaye nkhope ya Sisitala Kapichi:
akamwetulira, munthuyo wakwera minibasi ya ku Jali;
akaweramira mafailo, wadzera khomo lakuseri
pa ngolo ija ya matayala olira.

Bedi la khumi ndi chiwiri, bambo Mulipa.
Mwendo anawadula sabata yatha
koma akuti chala chachikulu chikuyabwabe.
Nditatsegula Masalimo anandigwira dzanja:
"Abusa, tsekani kaye bukulo.
Kodi ku Thondwe yagwa?
Ndinasiya mbewu ili m'thumba."
Tinakamba za mvula mpaka diripi inatha.
Potuluka ndinadzifunsa
ngati ndagwira ntchito ya Ambuye kapena ndangocheza.

Pafupi ndi zenera, Che Twaibu a ku Songani
ankati akaona kolala yanga
n'kutembenukira kukhoma.
Usiku wina magetsi anazima, jenereta ikuchedwa kudzuka,
mpweya unayamba kuwathawa.
Ndinawatsamiritsa pachifuwa panga,
dzanja linalo likusaka nambala ya ashehe.
Anafika pa kabaza, mkanjo utachita fumbi.
Iwo anapemphera mwa kwawo,
ine ndinagwira tochi.

Ku wodi ya amayi ndimapita miyendo ikulemera.
Felesiya, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
anali atapinda kale matewera
ndi kachipewa ka ulusi wachikasu koluka yekha.
Anandifunsa kamodzi kokha: "Chifukwa chiyani?"
Zaka zinayi za kusukulu ya ubusa
zinandiuma pakhosi.
Ndinakhala pansi, pasimenti pozizira,
mpaka tulo tinamuba,
kachipewa kali m'manja.

Amati m'busa amatsogolera nkhosa.
Kuno ndimayenda pambuyo pa machira.
Ndimanyamula beseni,
ndimawerenga nambala yofufutika pa kapepala kong'ambika,
ndimauza mlamu wochokera kutali, chikwama chili paphewa,
mawu amene aliyense akuwazemba.
Mgonero ndimaupereka ndi supuni,
kadontho pa lilime louma,
pakati pa mapiritsi a m'mawa ndi jakisoni wa masana.
Thupi lonyemedwa sindichita kulifotokoza;
pano aliyense akulidziwa kundiposa.

Dzulo ndinalowa nditaperekeza atatu kukhomo lakuseri.
Bambo Mulipa anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Lero wodwala ndinu. Khalani apa,"
anatero akusisita bulangete
pamalo pamene pankagona mwendo wawo.
Ndinakhala.
Anaika chikhatho chokhakhala pamutu panga
napemphera pemphero lokhotakhota,
Chichewa apa, Chilomwe apo,
mvula, ana awo, namwino wa usiku,
ndi dzina langa, lomwe analiphonya.
Sindinawakonze.
Ndikhulupirira kumwamba anadziwa amene akunenedwa.

Madzulo pa mlatho wa Likangala
ndinakumana ndi mnyamata wa makala
matumba ake atanyowa, akutukwana mitambo.
Ndinamufunsa kumene wachokera.
Anati Thondwe, yagwa kuyambira masana,
mpaka mizere yadzaza madzi.

Ndinapalasa njinga ngati mwana wotumidwa.
Uthenga wabwino ndaupeza,
wa munthu mmodzi yekha, bedi la khumi ndi chiwiri.
Mawa ndilawirira, mlonda asanatsegule.
Ambuye, ndikawapeze.